Funsani Achimwene: Ma series oyenda m'nthawi andilanda mtima, kunyumba akudandaula

Achimwene,
Ine ndine bambo wa mwana mmodzi, wamng'ono ndithu, ndipo vuto langa anzanga akalimva amangoseka. Ndimakonda kwambiri ma series aja oti munthu amabwerera m'mbuyo kapena kudumphira kutsogolo kwa nthawi, makamaka Doctor Who, ndinayamba kuonera bambo anga atangomwalira kumene ndipo mpaka lero sindinasiye, ndikaweruka kuntchito mtima umangofuna foni ndi mahedifoni basi. Akazi anga poyamba ankangondisiya koma pano akuti ndimakhala m'nyumba ngati mlendo. Tsiku lina anachita kundiuza kuti mwana wayamba kukwawa inu muli bize ndi anthu oti kulibe. Zinandipweteka. Ndiye ndifunse, kodi kukonda zimenezi ndi uchitsiru kwa munthu wamkulu? Nanga zoyenda m'nthawizi zingatheke zenizeni kapena ndi nthano chabe?
Bambo wa mwana mmodzi

Achimwene anga,
Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi lopepukirako. Kupita kutsogolo kumatheka, ndipo si nkhambakamwa. Albert Einstein anasonyeza mu 1905 kuti wotchi yomwe ikuyenda pa liwiro lalikulu imachedwa poyerekeza ndi yomwe yatsala, kenako mu 1915 anawonjezera kuti mphamvu yokoka ya dziko nayonso imachedwetsa nthawi. Mu 1971 akatswiri awiri, Hafele ndi Keating, anakweza mawotchi olondola kwambiri m'ndege zonyamula anthu nkuzungulira nawo dziko lonse, pobwera anapeza kuti asiyana ndi omwe anatsala pansi, pang'ono zedi koma asiyana, ngati mmene masamu ananenera. Ngakhale GPS ya mufoni yanuyo imadalira zimenezi, mawotchi a m'masetilaiti amatsogola ndi magawo pafupifupi 38 a sekondi imodzi itagawidwa kamiliyoni tsiku lililonse, ndipo akanapanda kukonza zimenezo bwenzi mapu akukusocheretsani ndi makilomita angapo tsiku limodzi lokha.

Kubwerera m'mbuyo ndiye nkhani ina. Palibe anachitapo. Pali ndi mfundo ija imavutitsa anthu, yoti ukabwerera nkulepheretsa agogo ako aamuna kukumana ndi agogo ako aakazi ndiye kuti iwe sunabadwe, nanga ngati sunabadwe wabwererayo ndani? Stephen Hawking mu 2009 anakonza phwando ku Cambridge la anthu ochokera kutsogolo, makalata oitanira anawatulutsa phwando litatha kale kuti wobwera akhale yekhayo wotha kubwerera m'mbuyo. Sipanabwere munthu.

Tsopano funso loyamba lija. Si uchitsiru ayi, ndipo anzanu osekawo asakuchititseni manyazi. Doctor Who inayamba pa BBC pa 23 November 1963, poyamba cholinga china chinali choti ana aziphunziramo mbiri yakale ndi sayansi, inayenda mpaka 1989, inaima, nkubwereranso mu 2005. Woyamba kusewera Doctor (mwini nkhani yemwe amayenda m'nthawi), William Hartnell, atayamba kudwala mu 1966 olemba anapeza nzeru yoti munthuyu akafika pakufa thupi lake limasintha nkukhala wina, ndiye ndi chifukwa chake nkhani yakhalitsa chonchi, mpaka anadzasewera mayi, Jodie Whittaker, kenako Ncuti Gatwa yemwe anabadwira ku Rwanda nkukulira ku Scotland. Chinthu choti chadutsa mibadwo chonchi, agogo kuonera, ana kuonera, zidzukulu kuonera, chili ndi kanthu mkati.

Koma ine ndaima pa mawu amodzi m'kalata yanu, mwanena mongodutsa kuti munayamba kuonera bambo anu atangomwalira. Pamenepo mpomwe pagona nkhani. Nkhani zoyenda m'nthawi anthu ambiri sazikondera makina ake, amazikondera chifukwa aliyense ali ndi tsiku limodzi lomwe akanakonda atalibwereranso, kukanena mawu omwe sananene kapena kukangomuonanso munthu ali moyo. Inu mukulidziwa gawo lija la mu 2005 lotchedwa Father's Day, Rose, mtsikana woyenda ndi Doctor, anapempha Doctor kuti amutengere ku 1987 tsiku lomwe bambo ake anagundidwa ndi galimoto iye ali khanda, atafika mtima unakanika kupirira nkuwapulumutsa, zinthu nkuyamba kusokonekera dziko lonse, mpaka bambowo anazindikira okha kuti iwo sayenera kukhala ndi moyo nkubwerera pamsewu paja. Chomwe Rose anatsala nacho ndi choti anali pambali pawo pomwe ankatsirizika, sanafe okha. Ndikukhulupirira gawo limenelo simunalionere kamodzi. Ndiye ndikufunseni, alamu anga akudziwa zimenezi? Munawauzapo kuti mukavala mahedifoni aja nthawi zina mumakhala mukuganiza bambo anu? Chifukwa iwo akuona mwamuna yemwe wasankha foni kusiya banja, pomwe mwina amene ali pampandopo ndi mwana wamasiye yemwe sanamalize kulira.

Komanso alamu sakunama, ndipo series yomwe mumaikondayo ili mbali yawo. Kumbukirani Rose yemweyo atayenda ulendo woyamba, Doctor anamubweza kunyumba akuganiza kuti padutsa maola 12 pomwe panali patadutsa miyezi 12, mayi ake atamata zithunzi ponseponse kufunafuna mwana wosowa, chibwenzi chake anthu akuchiganizira kuti chinamupha. Olemba anachita dala kutionetsa nkhope ya munthu wotsala pakhomo. Inu mukaonera magawo atatu otsatizana mumamva ngati mwangokhala pang'ono, koma gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 45, atatu ndi maola awiri nkupitirira, ndipo maola amenewo ndi omwe mayi wa mwana watopa, mwana akulira, mbale zili phwii, iye akufuna munthu womulandirako kapena wongomufunsa kuti mwaswera bwanji.

Ine sindikuuzani kuti musiye, mukasiya mokakamizika mudzangosunga chakukhosi. Chomwe ndikupemphani ndi ichi, choyamba akhazikeni pansi alamu muwauze za bambo anu, osati modziteteza, mungowauza. Kenako mahedifoni aja achoke mukakhala pabalaza, ndi amene akukupangitsani kukhala mlendo kuposa series yeniyeniyo chifukwa munthu akakuyankhulani mpaka akugwedezeni kaye. Mugwirizane nthawi yanu yoonera, kaya mwana akagona kaya masiku awiri pa sabata, ndipo alamu nawonso akhale ndi nthawi yawo yochita zomwe amakonda inu mutanyamula mwana, apo ayi ndiye kuti mwangopempha chilolezo chopitiriza zomwezo. Tsiku lina muwapemphe muonere limodzi Father's Day, akakana musawakakamize, akavomera musamaimitse mphindi iliyonse kuti muwafotokozere mbiri ya TARDIS, makina aja Doctor amayendera m'nthawi. Ndipo mukaona kuti chisoni cha bambo chikukulemeranibe, tulo sitikubwera, china chilichonse sichikukoma, kaonaneni ndi mlangizi kapena munthu wamkulu yemwe mumamukhulupirira, zimenezo TV siingathe.

Achimwene,
Chibwenzi changa chimakonda Doctor Who moti nkhani zake ndi zomwezo, ine ndikufuna ndiyambe kuonera kuti ndizimvako koma magawo ake ndi ochuluka zedi, ndiyambire pati?
Mtsikana wofuna kudziwa

Chemwali,
Musayambire 1963, mutopa musanafike patali. Magawo a m'ma 1960 ndi a zithunzi zakuda ndi zoyera, nkhani imayenda pang'onopang'ono, komanso ambiri kulibe chifukwa BBC nthawi imeneyo inkafufuta matepi nkujambuliranso zina. Ena akhala akupezeka m'maiko omwe anagula makope, mu 2013 magawo 9 anapezeka pa siteshoni ina ya TV ku Jos, Nigeria, mafani anasangalala koopsa. Inu yambirani 2005 pomwe Doctor ankasewera ndi Christopher Eccleston, season imeneyo anailemba poganizira munthu woti sakudziwa kalikonse, zonse mumaziphunzira limodzi ndi Rose. Kapena 2010 pomwe anayamba Matt Smith, napo mpoyambira pabwino. Mukaonera magawo angapo nkuona kuti sizikukukomerani muuzeni chilungamo, ndipo naye aonereko zomwe inu mumakonda, osati inu nokha muzichita kumutsatira.

Achimwene,
Ndayamba Dark pa Netflix koma mutu wazungulira, sindikudziwanso kuti mwana wa ndani ndi ndani. Ndisiye?
Wowerenga wanu

Musasiye, aliyense amasochera pamenepo. Dark ndi ya ku Germany, inatuluka kuyambira 2017 mpaka 2020, ma season atatu basi ndipo nkhani imatha bwinobwino, sakusiyani m'malere. Gwirani ichi, mu season yoyamba zaka zimadumpha 33, ndiye muli ndi 1953, 1986 ndi 2019, tauni imodzi ya Winden ndi mabanja anayi, Kahnwald, Nielsen, Doppler ndi Tiedemann. Tengani pepala mulembe mabanja anayiwo, munthu aliyense muzimulemba ndi chizindikiro chake, kaya chipsera kaya magalasi, chifukwa munthu mmodzi amaseweredwa ndi anthu awiri kapena atatu malinga ndi msinkhu. Musafufuze maina pa intaneti, akuuzirani zonse musanafike. Ndipo iyi si yoonera ana ali pompo, muli zachiwawa ndi zina za akuluakulu.