Pitani ku Tarr Steps, koma galimoto musawoloke nayo

Mayi, mwafunsa za madooko akale a kumidzi ya ku England amene mungakaone ndi ana pa tchuthi, ngati n'kotheka kuwoloka pa galimoto yahayala, komanso za malo ogona. Za kogona ena akuthandizani. Ine ndiyankha za madzi, pakuti ndiwo anandionetsa zakuda.

Amene akukulozerani ku Oxford sakunama pa dzina, chifukwa limatanthauzadi powolokera ng'ombe, koma mukakafika mukangopeza milatho ndi nyumba za yunivesite. Amene akutchula Rufford ku Nottinghamshire akuoneka kuti amangoonera makanema akale pa YouTube, popeza khonsolo inatseka dooko limenelo kumapeto kwa 2022, anthu atachulukana kukajambula magalimoto akuthima m'madzi.

Malo amene ndingakutumizeni ndi mtima wonse ndi Tarr Steps, pa mtsinje wa Barle m'dera la Exmoor ku Somerset, kufupi ndi tauni ya Dulverton. Pamenepo pali mlatho wa miyala ikuluikulu yafulati yongosanjikizidwa popanda simenti, wotalika mamita pafupifupi 55, wokhala ndi mipata 17 yodutsa madzi, ndipo dooko lenileni lili m'mbali mwake, moti munthu amaona ndi maso mmene oyenda pansi ankadutsira pamwamba, akavalo akuwoloka m'madzi. Mtsinje umenewu ukadzaza sunyengerera. Mu 2012 unakokolola mbali ya mlathowo, ndipo miyala yake inapatsidwa manambala kuti ikakokoloka azitha kubwezeretsa uliwonse pamalo pake.

Tsopano za galimoto. Ine ndinafika pamenepo pa galimoto yaing'ono yahayala, mvula itagwa usiku wonse, ndipo poona kuti madzi ndi oyera, miyala ya pansi ikuoneka bwinobwino, ndinaganiza kuti sangandipitirire m'mawondo. Ndili pakati injini inangotsokomola kamodzi n'kuthima, kenako madzi ozizira ngati ayezi anayamba kulowera pansi pa chitseko mpaka masokosi kunyowa. Anadzandikoka ndi mlimi wina pa thirakitala, anthu akuonerera ali pamlatho. Kampani ya galimotoyo inandiuza kuti inshulansi imene ndinalipira sikhudza injini yomwa madzi, choncho ndinalipira ndekha ndalama zoposa mapaundi 2,000. Musatengere magalimoto aatali a alimi amene amawoloka mosavuta, chifukwa mpweya wa injini zawo umalowera pamwamba. Penanso paliponse mukaona chikwangwani cholembedwa kuti Ford, kutanthauza dooko, imani kaye, muone mulingo wa madzi ngati ulipo, ndipo ngati mwawoloka yesani mabuleki musanathamange.

Siyani galimoto pamalo oimika amene ali kumtunda, pamene mungalipire mapaundi ochepa, kenako mutsetsereke wapansi. Kuona mlathowo n'kwaulere. Mlathowo ulibe chogwirira m'mbali ndipo miyala ikanyowa imaterera ndi ndere, motero ana aang'ono muwagwire dzanja ndipo avale nsapato zogwira pansi. Misewu yopita kumeneko ndi yopapatiza kwambiri, yokwana galimoto imodzi, ndiye amene akuyendetsa akhale wodziwa kubwerera m'mbuyo.

Mukadzafuna kupita ku chilumba cha Holy Island ku Northumberland, kumeneko vuto si mvula koma nyanja, imene imamiza msewu kawiri pa tsiku, choncho muyambe mwaona nthawi zowolokera zimene khonsolo ya kumeneko imalengeza.