Tsamba likutseguka mu Chrome, koma pulogalamu ikukana setifiketi

Wowerenga wina watumiza imelo iyi: "Ndaika setifiketi ya Let's Encrypt pa seva ya nginx. Mu Chrome tsamba likutseguka bwinobwino, koma pulogalamu yanga ya Python ikungoti unable to get local issuer certificate. Mnzanga akuti ndingolemba verify=False basi. Nditero?"

Musatero ayi. Mukalemba verify=False zimene mukutumizirana ndi seva zimabisidwabe panjira, koma pulogalamu imasiya kufunsa kuti ikulankhula ndi ndani. Munthu wolowerera pakati pa inu ndi seva atha kupereka setifiketi yabodza, pulogalamu n'kuilandira, mapasiwedi n'kupita.

Nthawi zambiri vuto limeneli limakhala pa seva. Setifiketi yanu, chikalata chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, siima yokha: inasainidwa ndi setifiketi yapakati, yapakatiyo n'kusainidwa ndi setifiketi yapamwamba, yotchedwa root, imene kompyuta yolumikiza imaidziwa kale. Seva iyenera kutumiza yanuyo pamodzi ndi yapakati. Ikatumiza yanu yokha, Chrome amakatenga yekha yosowayo pa intaneti, inu osadziwa kanthu. Python alibe chifundo chimenecho, chimodzimodzinso curl wa pa Linux.

Certbot, pulogalamu yotengera masetifiketi a Let's Encrypt, amaika mafayilo anayi mu /etc/letsencrypt/live/dzina-la-tsamba/: cert.pem, chain.pem, fullchain.pem ndi privkey.pem. Ambiri amatola cert.pem chifukwa dzina lake likumveka loyenera, pomwe m'menemo muli setifiketi imodzi yokha. Mu fayilo ya makonzedwe a nginx, mzere wa ssl_certificate uloze ku fullchain.pem, wa ssl_certificate_key uloze ku privkey.pem. Kenaka lembani nginx -t kuti muone ngati mwalakwitsa kalembedwe, ndiye systemctl reload nginx.

Musadalire browser potsimikiza. Lembani izi, muike dzina la tsamba lanu pamene pali example.com:

openssl s_client -connect example.com:443 -servername example.com -showcerts

Pansi pa mawu oti Certificate chain payenera kuoneka 0 ndi 1. Mukaona 0 yekha, kumapeto kuli Verify return code: 21, ndiye kuti yapakati sikutumizidwa. Musaiwale -servername, chifukwa seva yosunga masamba angapo ingakupatseni setifiketi ya tsamba lina, inu n'kutaya tsiku lonse kufufuza polakwika.

Ngati apa pali bwino koma pulogalamu ikukanabe, werengani uthenga wake mofatsa. Ikadandaula za hostname, dzina limene mwalemba mu pulogalamu silili m'gawo la setifiketi lotchedwa Subject Alternative Name, m'mene mumakhala mayina a tsamba. Setifiketi ya example.com sigwira pa www.example.com ngati simunaphatikize dzinali, ndipo sigwiranso mukalumikiza ndi nambala ya IP. Ikati not yet valid, onani wotchi ya makina anu. Ikati expired pomwe Certbot wakonza kale yatsopano, nginx akugwiritsabe yakale imene anawerenga poyamba. Setifiketi wamba ya Let's Encrypt imakhala masiku 90, choncho onjezani --deploy-hook ku Certbot kuti nginx aziwerenganso mafayilo setifiketi ikangosinthidwa.

Nkhani imasintha ngati setifiketi inasainidwa ndi CA ya kampani yanu, ndiye kuti kampaniyo imasaina yokha masetifiketi ake. Apo seva ilibe mlandu. Pulogalamu ndiyo iyenera kupatsidwa root yanuyo: mu requests, laibulale ya Python yolumikizira masamba, verify alozedwe ku fayilo ya ca.pem m'malo molemba False. Mukafunanso kuti seva izizindikira mapulogalamu olumikiza, zomwe amati mTLS, ikani ssl_client_certificate ndi ssl_verify_client on mu nginx, ndipo pulogalamu iliyonse ikhale ndi setifiketi ndi kiyi yakeyake. Mapulogalamu akagawana kiyi imodzi, tsiku limene yabedwa mudzasintha paliponse.

Poti mwatsegula kale fayilo ya nginx, ikani ssl_protocols TLSv1.2 TLSv1.3, mzere wosankha mitundu ya TLS, njira yobisira uthenga panjira. Mitundu ya 1.0 ndi 1.1 inachotsedwa pa ntchito ndi IETF, bungwe lokhazikitsa miyezo ya intaneti, mu 2021. Fayilo ya privkey.pem ikhale pa chmod 600 kuti mwini wake yekha ndiye aziiwerenga, ndipo ngati inalowapo mu Git, yemwe amasunga mbiri yonse ya mafayilo, ngakhale kamodzi, kuifufuta sikukwanira: pangani kiyi ina, setifiketi yakaleyo muithetse ndi certbot revoke.