Za antchito olozana zala pa lesitilanti

Mayi, mwafunsa kuti mungatani kuti antchito a pa lesitilanti yanu aleke kulozana zala makasitomala akadandaula kuti chakudya chachedwa. Kawirikawiri vuto lotere limayambira pa kagawidwe ka ntchito, pakuti woperekera chakudya ndiye amalandira mkwiyo wonse wa kasitomala pamene wophika ali kukhitchini osamva kanthu. Ndikulangizani kuti m'mawa uliwonse musanatsegule muzikhala nawo pansi kwa mphindi zochepa, n'kuuzana ndiwo zimene zilipo, kuchuluka kwa nkhuku imene yatsala, ndiponso amene athandize kutsuka mbale nthawi ya nkhomaliro anthu akachuluka. Woperekera akadziwiratu kuti chambo chatha, amauza kasitomala asanakhale n'komwe pampando, ndipo mkangano sukhalapo.

Wolakwa musamudzudzule pamaso pa makasitomala, koma muzimuitanira pambali. Ndalama zimene makasitomala amasiya pothokoza zizigawidwa kwa onse, kuphatikizapo wotsuka mbale, amene nthawi zambiri amaiwalika. Kumbukiraninso kuti lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata, choncho wopitirira pamenepo azilandira ovataimu yake mwezi womwewo, ndipo maolawo muziwalemba m'buku limene aliyense angathe kuliona.