P3425 yatuluka, makaniko akuti tisinthe ma lifter: ndivomere?

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndili ndi Chevrolet Silverado ya 2011, injini ya 5.3 V8. Nyali ya check engine yayaka, ndipo titayeza ndi kompyuta kwatuluka P3425. Galimoto ikuyenda bwinobwino, koma makaniko akuti achotse mahedi asinthe ma lifter onse. Ndivomere?"

Achimwene, musavomere kaye.

Injini yanuyo ili ndi njira yosungira mafuta imene General Motors amaitcha Active Fuel Management. Mukamayenda pamsewu wosalala osaponda kwambiri, kompyuta ya injini imagoneka masilinda anayi, a 1, 4, 6 ndi 7. Pansi pa intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'injini) pali chipangizo chotchedwa VLOM, chokhala ndi ma solenoid anayi (timavalavu ta magetsi totsegulira oyilo), imodzi pa silinda iliyonse mwa anayiwo. Solenoid ikatseguka, oyilo amakankha timapini ta m'kati mwa lifter (kachitsulo kamene kamakankha kuti valavu itseguke), lifter imaleka kukankha, mavalavu n'kukhala chitsekere.

Tsono P3425 sikunena za lifter. Ikunena kuti kompyuta yapeza vuto panjira ya magetsi opita ku solenoid ya silinda 4. Lifter ilibe waya ngakhale mmodzi. Apa mpamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa kuchotsa mahedi ndi ntchito yaikulu pomwe kuyeza kwake n'kwa multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) basi.

Yambani mwaona ngati pali makodi ena. Anzake a P3425 ndi P3401, P3441 ndi P3449, a masilinda 1, 6 ndi 7. Onse anayi akatulukira limodzi, kayikirani fyuzi kapena waya wobweretsa magetsi, popeza ma solenoid onse amadyera pa waya mmodzi, ndipo kufera tsiku limodzi onse anayi n'kovuta. Kwa inu yatuluka imodzi, ndiye tiyang'ane silinda 4 yokha.

Pulagi ya VLOM ili kumbuyo kwa injini, pafupi ndi sensa ya oyilo. Malo ake ndi othina, pamafunika kuleza mtima. Izuleni muone ngati mwalowa oyilo, ngati timapini tachita dzimbiri kapena takhwepa. Tsegulani kiyi osaliza injini, pa waya wa magetsi mupeze mavoti pafupifupi 12. Kenako zimitsani, muyeze solenoid: yabwino imakhala pakati pa 11 ndi 18 ohms. Ine ndimayeza zonse zinayi n'kufananiza, chifukwa yodwalayo imadziulula yokha pakati pa zinzake. Ikapanda kuwerenga chilichonse, yaduka m'kati. Ikawerenga pansi kwambiri, yachita shoti. Zikatero musinthe VLOM yonse, ndipo pochita zimenezo amachotsa intake manifold yokha, mahedi sawakhudza.

Solenoid ikakhala bwino, tsatirani waya wake mpaka ku kompyuta. Mugwedezeni uku mukuyeza, chifukwa waya wokhuzika pachitsulo kapena wolumidwa ndi makoswe amalumikiza lero, mawa n'kuleka. Kompyutayo muikayikire pomaliza penipeni.

Sindikuti makaniko anuwo angolota. Ma lifter a injini zimenezi amafadi. Koma akafa sabisala: injini imagogoda pamwamba, imanjenjemera, ndipo pamatuluka P0304 kapena P0300, makodi onena kuti silinda sikuyaka bwino. Inu mwati ikuyenda bwino. Zimenezo zikugwirizana ndi vuto la magetsi, poti kompyuta ikaona kodi imeneyi imangosiya kugoneka masilinda, onse asanu ndi atatu n'kumagwira ntchito. Mungoona kuti mafuta akutha msanga pang'ono.

Muli pomwepo, onaninso oyilo. Akhale wokwanira, woyera, wa 5W-30, popeza dongosolo lonseli limadalira mphamvu ya oyilo. Pansi pa sensa ija pali kasefa kakang'ono kamene kamatsekeka ndi zinyalala. Manifold ikachotsedwa, kasinthireni limodzi.

Mukayeza, mundilemberenso manambala a ma solenoid anayiwo, tione limodzi.