Maliva otchipa: ku klatchi mukhoza kugula, ku buleki yambani mwayesa

Achimwene, mwafunsa ngati maliva (zokokera klatchi ndi buleki pa handulo ya njinga yamoto) otchipa aja, ofiira ndi agolide amene amagulitsa awiriawiri, angalowe m'malo mwa anu amene anathyoka njinga itagwa. Angathe, koma mbali ziwirizi musazitenge mofanana. Liva ya klatchi ikakhala yoipa, dzanja limatopa ndipo makebulo amaduka kawirikawiri. Ya buleki ikakhala yoipa, mumagwa pamodzi ndi munthu amene mwamunyamula.

Choyamba onani buleki yanu yakutsogolo ngati ndi ya dramu, yokoka ndi kebulo monga zilili Boxer zambiri za kabaza, kapena ya disiki, yoyendera mafuta. Ngati ndi ya disiki, apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Pafupi ndi bawuti imene liva imazungulirapo pali kamphuno kamene kamakankha pisitoni ya mu master cylinder, kathanki ka mafuta kali pa handulo kaja. Mukasiya liva, pisitoniyo iyenera kubwerera mpaka kumapeto kuti itsegule kabowo kobwezera mafuta m'kathanki. Kamphunoko kakangotalika pang'ono chabe, pisitoni imatsala yokankhika ndipo kabowo kamakhala kotseka. Poimika panyumba simungaone vuto. Mukayamba kuyenda, mapadi amakhula disiki, mafuta amatentha nkufufuma, ndipo posowa kothawira amakanikiza mapadiwo kwambiri, mpaka tayala lakutsogolo limamangika lokha muli pa liwiro. Chimandiwawa n'chakuti wogulitsa sanena zimenezi, amangoti "zimalowa paliponse". Liva yolowa pa njinga iliyonse kulibe, makamaka ya disiki.

Ndiye mukamanga yatsopano, imikani njinga pa standi yapakati, wina akanikize kumbuyo kuti tayala lakutsogolo likwere, mulizungulitse ndi dzanja. Gwirani buleki, siyani, zungulitsaninso. Liyenera kuyenda momasuka ngati kale, ndipo liva ikhale ndi kampata isanayambe kukankha pisitoni. Kenako yendani pang'onopang'ono kamtunda kochepa osagwira buleki yakutsogolo, muime ndi yakumbuyo, muyandikize dzanja pa disiki. Ikakhala ikutentha, chotsani livayo pompo, ngakhale ndalama itapita.

Pa buleki ya dramu ngozi yotere ndi yochepa chifukwa kebulo mumatha kuichuna. Koma pewani maliva aafupi, ogwira ndi zala ziwiri aja. Anapangira njinga za disiki zimene zimagwira msanga. Dramu imafuna mphamvu, ndipo liva ikafupika mphamvuyo imachepa. Mutanyamula munthu ndi thumba la chimanga potsetsereka, mudzafuna zala zonse zinayi.

Popita kukagula, kaya ku Malangalanga ku Lilongwe, ku Limbe kapena pa sitolo ya masipeya ya kwanuko, nyamulani liva yakale ngakhale ili zidutswa, pamodzi ndi bawuti yake. Isanjikeni pa yatsopanoyo: bowo la bawuti lifanane, kunenepa kwa pamene imalowa m'chogwirira kufanane, komanso malo okhudza kaswitchi ka getsi la buleki akhalepo. Ambiri amaiwala kaswitchika, mapeto ake getsi lakumbuyo limangoyaka nthawi zonse kapena siliyaka n'komwe, pomwe minibasi ili kumbuyo kwanu. Lowetsani bawuti m'bowo mugwedeze. Ikamasewera idakali yatsopano, bowolo lidzakula msanga. Imene ili ndi kabushi ka mkuwa m'bowomo ndi yabwinoko.

Za chitsulo chake, maliva ambiri ndi a aluminiyamu. Ena amachita kuthira m'chikombole, ena amasula, ena amasema ndi makina. Osula nthawi zambiri amapindika njinga ikagwa, pomwe othira otsika mtengo amangothyoka. Pa paketi mukhoza kuona mawu akuti CNC (yosema ndi makina) kapena 6061 (mtundu wa aluminiyamu), koma aliyense atha kusindikiza zimenezo. Yang'anani chinthucho. Mukaona timabowo ngati ta thovu kapena mng'alu pafupi ndi bawuti, isiyeni. Kumapeto kwake kukhale kampira kaja, chifukwa liva yosongoka imabaya mukagwa. Ine ndimakonda yosakongola yopangidwira mtundu wa njinga yanuyo kuposa yonyezimira yokhala ndi kochunira mtunda wa liva ndi handulo, popeza pa zotchipa kochunirako ndi kamene kamayamba kukhwefuka.

Ku klatchi, yotchipa ikalowa bwino gulani. Onetsetsani kuti kamutu ka kebulo kakuzungulira momasuka m'malo mwake. Kakamagwira, kebulo imapindika pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse mukakoka, mawaya nkuyamba kuduka limodzilimodzi. Ngati m'mphepete muli mokala, palani pang'ono ndi failo nkupaka girizi. Pochuna siyani kampata. Honda imalemba 10 mpaka 20 mm kumapeto kwa liva pa njinga zazing'ono monga CG125, ndipo injini za njinga zambiri za ku China zinatengera ya CG125. Kampata kakasowa, klatchi imaterereka ndipo mapuleti amapsa. Kakachuluka, magiya amalowa movutikira ndipo nyutulo imasowa.

Bawuti musaimange mpaka liva kuuma. Iyenera kubwerera yokha mukaisiya. Nati yapansi ikhale yoloka, ija ili ndi pulasitiki mkati, chifukwa m'misewu yathu yafumbi nati wamba imamasuka ndi kugwedera. Ndipo ngati liva ina inangopindika osathyoka, musalole kuti aiwongole ndi paipi. Aluminiyamu ikapindika nkuwongoledwa imang'aluka mkati mosaoneka, nkudzathyoka tsiku limene mwakoka mwamphamvu. Isintheni nayonso.