Kodi kusankha womutsatira poyang'ana kwawo si tsankho?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ndipo nkhaniyi yatitsutsanitsa kwambiri ndi anzanga. Chisankho chikayandikira timamva kuti "uyu atenge mayi", "uyu atenge wakumpoto", "uyu atenge Msilamu". Bwana wa kampani atalemba munthu ntchito pa zifukwa zotere angakaonekere kukhoti. Nanga wopikisana pa upulezidenti akamasankha womutsatira, lamulo loletsa tsankho silimukhudza? Mphunzitsi, Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, mwagwira mfundo yeniyeni. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino likuletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali kapena poti ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo la ntchito la 2000 likubwerezanso zomwezo kwa olemba anthu ntchito. Bwana mukunenayo angakayankhedi mlandu.

Koma womutsatira salembedwa ntchito ndi amene wamusankha. Gawo 80 limangolamula kuti wopikisana atchule wachiwiri wake pa nthawi yopereka zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo wotchulidwayo akhale woyenera monga pulezidenti yemwe: nzika yobadwa nayo, ya zaka zosachepera 35. Kumbukirani pepala lija munalandira m'chipinda chovotera. Pa mzere umodzi panali maina awiri, inu n'kuchonga kamodzi. Ndiye kuti amene munamupatsa mpandowo ndinu. Wopikisana anangokubweretserani dzina.

Umboni wake ndi mayi Joyce Banda. A Bingu wa Mutharika anawatenga mu 2009. Ubale utasokonekera, chipani cha DPP chinawachotsa mu Disembala 2010, koma pa mpando wa wachiwiri sanasunthe, chifukwa pulezidenti alibe mphamvu yochotsa wachiwiri wosankhidwa ndi anthu. Njira yake ndi ya ku Nyumba ya Malamulo basi. A Bingu atamwalira mu Epulo 2012, mayiwo analumbira kukhala pulezidenti. Wantchito wamba akanachotsedwa kalekale ndi kalata imodzi.

Pali china. Gawo 20 lomwelo limatchulanso maganizo a ndale pa zinthu zosayenera kusalira munthu. Titalikoka mpaka pa womutsatira, wa MCP akanamasumiridwa chifukwa chosatenga wa DPP. Pajatu malamulo omwewa amatetezanso ufulu wosankha oyenda nawo pa ndale. Ku America nkhaniyi inabuka mu 2020 pamene Joe Biden analonjezeratu kuti atenga mayi, n'kudzasankha Kamala Harris. Kumeneko lamulo lawo la 1964 loletsa tsankho pa ntchito limanena poyera kuti osankhidwa pa voti sawerengedwa ngati antchito.

Ine pandekha, kuyang'ana chigawo kapena chipembedzo sindikuona ngati tchimo nthawi zonse. A Lazarus Chakwera, m'busa wa m'chigawo chapakati, potenga a Sidik Mia, Msilamu wa ku Chigwa cha Shire, mu 2019, ankauza anthu akummwera ndi Asilamu kuti nawonso ali ndi malo. Kutsegulira khomo amene akhala kunja nthawi yaitali n'kosiyana ndi kuwatsekera. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amatengedwa ngati nyambo yokolera mavoti, chisankho chikatha n'kutayidwa. A Cassim Chilumpha, amene anayenda ndi a Bingu mu 2004, anathera m'makhoti kulimbana ndi boma lomwe iwo anali wachiwiri wake. A Saulos Chilima anatuluka mu DPP mu 2018 akadali pa mpando. Womutsatirayu ndi amene adzatenge dziko tsiku limene pulezidenti wamwalira, ndiye akabwera kwanu pa msonkhano mufunseni zimene wachita, osangomvera kumene amachokera.

Uzani anzanuwo kuti lamulo limayamba kuluma opambanawo akalumbira. Polemba anthu ntchito m'boma, lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi likuti mbali imodzi isachepere 40 pa anthu 100 alionse, ndipo isapitirire 60. Pamenepo amene wasalidwa ali ndi pokadandaula, kaya kukhoti, kwa Ombudsman kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC.