Mafunso Anu pa Zamagetsi: Ndalama Yosasintha Kapena Kulipira Zomwe Mwagwiritsa Ntchito?

Funso: Ndimachita lendi ku Chikanda pampanda wa nyumba zinayi, koma mita ndi imodzi. Alandilodi akuti tisankhe: nyumba iliyonse izipereka K15,000 pamwezi mosasintha mpaka chaka chithe, kapena tizisonkha mayunitsi akatha. Popeza magetsi akungokwerakwera, chabwino n'chiti? (Mayi wa ana awiri, Chikanda)

Yankho: Zikomo mayi. Musanawayankhe alandilodiwo, yambani mwadziwa mayunitsi amene nyumba yanu imadya pamwezi. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yuniti imodzi. Mawatiwo amalembedwa kunsi kwa ketulo, pasimbi, kapena pakapepala komata kumbuyo kwa firiji.

Mababu anayi a LED a mawati 9, oyaka maola asanu usiku uliwonse, amadya mayunitsi osakwana 6 pamwezi wonse. TV ya mawati 60 yoyaka maola omwewo imadya 9. Kutchaja mafoni n'kosawerengera n'komwe. Firiji yaing'ono imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku, bola labala wa pachitseko asakhale wotha.

Chimene chimamaliza mayunitsi ndi chilichonse chotenthetsa. Hotipuleti ya mawati 1,000 yophikira maola awiri patsiku imadya mayunitsi ofika 60 pamwezi, ndipo nyemba zosaviika zimatha kutenga awiri kapena atatu mphika umodzi. Ndiye pali madzi osamba. Kufunditsa ndowa ya malita 20 kumadya pafupifupi theka la yuniti. Kuno ku Zomba, mu June ndi July chiperoni chikaphimba phiri, palibe amene amafuna madzi ozizira m'mawa, choncho banja la anthu anayi limawonjezera mayunitsi enanso 60 pa kusamba kokha.

Apa ndiye pagona nkhani. Nyumba yophikira makala, yongoyatsa mababu ndi TV, siipitirira mayunitsi 20. Yophikira magetsi ndi kufunditsa madzi imadutsa 150. Zonse zikamapereka K15,000, ndiye kuti ophikira pambaula akuwaphikira anzawo nsima. Ngati ndinu a mbaula, ndalama yosasinthayo musaivomere. Ngati mumaphikira magetsi, ikukomerani, koma dziwani kuti mtengo ukakwera pakati pa chaka, ndalama zosonkhazo zidzagula mayunitsi ochepa. Zikatere mita imayamba kulira mwezi usanathe, kapena alandilodi amabwera ndi lamulo loletsa hotipuleti. N'chifukwa chake pamafunika kalata yosainirana yonena zinthu zitatu: ndalamayo, zipangizo zololedwa, ndi amene adzawonjezere mayunitsi akatha mwezi uli mkati.

Kusonkha mayunitsi akatha nakonso kumadanitsa ngati palibe choyezera. Ife tikanakonda nyumba iliyonse ikhale ndi cheki mita, kamita kakang'ono koikidwa pa waya wolowa m'nyumbamo. Aike ndi wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo asakhudze mita ya ESCOM kapena kudula chidindo chake, chifukwa umenewo ndi mlandu. Pa 1 mwezi uliwonse werengani manambala nonse muli pomwepo, mulembe m'kabuku kamodzi.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: pa mita yogulira mayunitsi ya pakhomo, mayunitsi 50 oyamba pamwezi amakhala otsika mtengo kuposa otsatirawo. Mwayi umenewu ndi wa mita, osati wa banja. Pampanda panupo mabanja anayi akugawana 50 omwewo, ndipo amene wayamba kugula mwezi ukangoyamba ndiye amawatenga onse. Powerengera, otsika mtengowo agaweni mofanana, otsalawo aliyense alipire malinga ndi cheki mita yake. Alandilodi akatha kufunsira nyumba iliyonse mita yakeyake, phokoso lonseli limatheratu.

Funso: Mwana wanga ali ku UK ndipo akuti kumeneko munthu amatha kupangana ndi kampani ya magetsi kuti mtengo usasinthe chaka chonse. Kodi kuno n'zotheka? Ngati ayi, n'kwanzeru kugula mayunitsi ambiri ndikamva kuti akweza? (Bambo wopuma pantchito, Matawale)

Yankho: Mwana wanuyo akunena zoona, bambo. Ku UK kuli makampani ambiri opikisana, ndipo munthu amasankha mtengo womangidwa kwa miyezi 12 kapena mtengo woyenda, umene bungwe la Ofgem limauikira malire miyezi itatu iliyonse. Kuno wogulitsa magetsi m'makomo ndi ESCOM yokha, opanga ambiri mwa magetsiwo ndi EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo mtengo amavomereza ndi a MERA. Pakhomo palibe mgwirizano womanga mtengo.

Mtengowo umakwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya zaka zinayi: mu 2023 MERA idavomereza kukweza ndi 50.8 peresenti m'magawomagawo mpaka 2027, kuyambira ndi 18 peresenti mu September 2023. Yachiwiri ndi yotsata mphamvu ya kwacha ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti.

Komabe mtengo womangidwa muli nawo m'njira ina. Mita imasunga mayunitsi, siisunga makwacha. Mayunitsi amene mwalowetsa lero sachepa chifukwa choti mawa mtengo wakwera. Tiyerekeze kuti alengeza zokweza ndi 16 peresenti. Mayunitsi a K50,000 lero adzafuna K58,000 akakweza, ndiye mwapulumutsa K8,000. Ngati ndalamayo ndi yanu yapenshoni imene ikanangokhala, gulani. Koma mukaikongola ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, mubweza K60,000, ndipo mwaluza K2,000. Za katapila ndiye tisanene n'komwe.

Pogula samalani izi. Pa chikhamu chimene mwagula mwezi umodzi, otsika mtengo ndi 50 oyamba okha, choncho miyezi yotsatirayo muzigulabe 50 amenewo ngakhale mita ili yodzaza. Kuti muone kusiyanako, tengani ndalama ya parisiti kapena pa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, muigawe ndi mayunitsi amene mwapatsidwa, mufananize kugula koyamba pamwezi ndi kwachiwiri. Manambala 20 a tokeni alowetseni tsiku lomwelo. Tokeni imanyamula nthawi imene idagulidwa, ndipo mukaisunga m'kabati miyezi yambiri kwinaku mukulowetsa zina zatsopano, mita itha kuikana kuti ndi yakale. Onetsetsaninso nambala ya mita kawiri musanadine, chifukwa tokeni imagwira pa mita imene idagulidwira yokha.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi ndipo mwina musamuka, musaunjike mayunitsi, chifukwa sanyamulika ngati katundu, amatsala m'mita. Ngati ndi yanu, tsiku limene mwagula lembani nambala ya pamita papepala, mumate pambali pake, muziona Lamlungu lililonse. Ana akaona mita ikuonetsa 300 amayamba kuwiritsa ketulo yodzaza pofuna kapu imodzi ya tiyi, ndipo mayunitsi a miyezi itatu amatha m'miyezi iwiri.